Ulendo wathu wa ku Japan wokaona za ma stem cell

Gulu lathu la anamwino ndi a mafizo linapita ku Japan kukaona momwe akugwiritsira ntchito ma stem cell (maselo amene amatha kusanduka mitundu ina ya maselo a m'thupi) pothandiza anthu ovulala ubongo. Chinatikoka n'chakuti mu Julayi 2024 boma la Japan linavomereza mankhwala a kampani ya SanBio otchedwa Akuugo, opangidwa kuchokera ku ma stem cell, a anthu amene dzanja kapena mwendo unafooka kalekale atavulala m'mutu. Chilolezocho n'chapakanthawi, kampaniyo iyenerabe kubweretsa umboni wina.

Ku Kyoto tinangodutsa pa malo a kafukufuku wa ma stem cell otchedwa CiRA, omwe ankatsogoleredwa ndi Shinya Yamanaka, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Kumene tinakhalitsa ndi mu labotale ina ku Tokyo, tikusuzumira tizidutswa ta ubongo wa khoswe wovulala pa maikulosikopu. M'mbali mwa chilonda munali timitsempha ta magazi tatsopano, topotanapotana ngati mizu ya nsenjere.

Anthu ambiri amaganiza kuti maselo obayidwawo amasanduka ubongo watsopano. Mayi amene ankatiyendetsa anatiuza kuti a Akuugo sali choncho. Amachokera m'mafuta a m'mafupa a munthu wina, dokotala amaboola chigaza n'kuwaika pafupi ndi pamene panavulala, ndipo sakhalitsa. Asanafe amatulutsa mapuloteni ngati FGF2, omwe amathandiza kuti mitsempha ya magazi iphuke, mpweya ndi chakudya zifike ku maselo a ubongo amene anapulumuka. Komatu mitsempha yanthete imachucha. Puloteni ya VEGF, yomwe imameretsa mitsempha, ikachuluka msanga chivulalireni ubongo umatupa kwambiri, ndiye nthawi yopereka chithandizo ndi nkhani yaikulu.

Pa kafukufuku woyesa maselo a Akuugo pa odwala, wotchedwa STEMTRA, patatha miyezi 6, olandira maselo anakwera ndi mapointi 8.3 pa sikelo ya Fugl-Meyer yoyezera kayendedwe ka manja ndi miyendo, pamene ochitidwa opaleshoni yongoyerekeza, yopanda maselo, anakwera ndi 2.3. Kwa ine, kusiyana kumeneku n'kwenikweni ndithu, koma si kwa munthu kutaya ndodo n'kuyamba kuthamanga.

M'sitima pobwerera ku hotela tinatsutsana kwambiri. Ena ankati tiyambe kukankhira kuti mankhwalawa afike kwathu. A mafizo anakana, akuti anyamata a kabaza amene timawalandira atamenyetsa mutu opanda chipewa amatuluka m'chipatala n'kusowa wowaphunzitsa ngakhale kugwira supuni, ndipo maselo sangalowe m'malo mwa ntchito imeneyo. Ine ndinali mbali ya a mafizo.