Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Mmene Kachilombo Kankatipezera Ife Ogwira Ntchito M'chipatala

M'gawo lapitalo ndinafotokoza za kusamutsidwa kwanga kupita ku wodi ya abambo pa chipatala cha m'boma lina kumene ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri. Tsopano ndafika pa Januwale wa 2021, mwezi umene mliri wa Covid-19 unabweranso mwaukali, moti pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Abale anga amandifunsabe kuti zinatheka bwanji kuti ife amene tinkalangiza anthu za kusamba m'manja tidwale ambiri chonchija.

Yankho lake ndinali nditalimva kale mu 2014, pa maphunziro okonzekera Ebola, nthawi imene nthendayo inkapulula anthu ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone. Pofika kumapeto kwa mliri umenewo, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerenga ogwira ntchito zachipatala oposa 800 amene anadwala, ndipo oposa 500 mwa iwo anamwalira. Ngakhale Dr Sheik Umar Khan wa ku Kenema m'dziko la Sierra Leone, katswiri wodziwa bwino matenda a mtundu umenewu, anamwalira mu Julayi 2014. Ebola imafala kudzera m'magazi, masanzi ndi zina zotuluka m'thupi la wodwala, pamene kachilombo ka korona kamayenda m'mpweya, komabe mipata imene matenda awiriwa amapezera namwino ndi yofanana kwambiri.

Anthu ankaganiza kuti malo oopsa anali tenti ya odwala Covid-19. Kunena zoona, m'tentimo tinkalowa titakonzeka, titavala masiki ya N95, magalasi, apuloni, jombo ndi magolovesi awiriawiri. Ngozi yaikulu inali m'wodi wamba ndi ku OPD, malo oonerako odwala oyendera, kumene wodwala ankabwera ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi, aliyense n'kumati ndi malungo, popeza inali nyengo ya dzinja. Ndimakumbukira bambo wina wachikulire wodwala shuga amene tinamugoneka pakati pa odwala ena. Usiku anayamba kubanika, nandiitana motsitsa mawu kuti, "Asisita, mpweya ukundichepera." Munthu wotero sungamuthandize utaima patali: uyenera kumudzutsa, kumutsamiritsa pamkono wako ndi kumukonzera chubu cha okosijeni pamphuno, nkhope yako ili pafupi ndi yake, iye akutsokomola. Zotsatira za kuyezedwa kwake zinafika patapita masiku, ndipo pofika nthawiyo anali atagwiridwa ndi anamwino a mashifiti onse, wa ku labu wotenga magazi, komanso gadiyani wake amene ankagona pansi pa bedi.

Mpata wina unali pa kuvula zodzitetezera. Kuvala n'kosavuta chifukwa umayamba uli ndi mphamvu, koma kuvula kumabwera utaima maola ambiri m'pulasitiki, thukuta litadzaza m'magolovesi, magalasi atachita nkhungu moti sukuona bwino. Dongosolo lake limafuna kuti uyambe ndi magolovesi akunja ndi apuloni, magalasi uwachotse pogwira kumbuyo kwa mutu, masiki ikhale yomalizira ndipo uigwire zingwe zokha, ukusamba m'manja pakati pa chilichonse. Pamafunikanso mnzako woima pambali kuti azikuyang'anira ndi kukukumbutsa. Koma anzathu atayamba kudwala, otsalafe tinachepa, woyang'anira uja anasowa, ndipo dzanja la munthu wotopa limathamangira lokha kukapukuta thukuta m'maso. Apa ndi pamene ndimaona kuti kuchepa kwa anthu ogwira ntchito kunali koopsa mofanana ndi kusowa kwa zipangizo, pakuti namwino mmodzi akadwala, ntchito yake inkagwera otsala, ndipo kutopa kwawoko kunkabweretsa odwala ena.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kachipinda kathu kopumuliramo. Kanali kakang'ono, ndipo usiku tinkatseka mawindo poopa udzudzu. Mmenemo ndi mmene tinkavula masiki, kumwa tiyi ndi kugawana nsima imene wina wabwera nayo m'kontena, tikuona ngati tachoka pa ngozi. Munthu amatha kufalitsa kachilomboka asanayambe kumva chilichonse m'thupi, choncho mnzathu wooneka wathanzi ankatha kupatsira shifiti yonse pa chakudya chimodzi.

Sindingamalize osatchula amayi okolopa, ochapa zofunda, oyendetsa ambulansi ndi abambo a ku motchale. Pamene anamwino ndi madokotala m'zipatala zingapo ananyanyala ntchito mu Epulo 2020 pofuna zodzitetezera ndi ndalama ya ukadziotche, mawu athu anamveka, koma zipangizo zikachepa, anthu awa ndiwo ankalandira pomalizira. Mayi wina amene ankakolopa m'wodi mwathu ankachapa masiki yotayidwa ikagwiritsidwa ntchito kamodzi n'kuiyanika kuseri kwa chitseko kuti adzaivalenso mawa. Iye ndiye ankanyamula zidebe za makhololo ndi nsalu za odwala, ndipo atadwala tinamugoneka pa bedi la m'chipinda chomwe ankasesa. Anachira, koma kwa miyezi ingapo ankalephera kukwera kachitunda ka pachipatala osapumira panjira.

Katemera wa AstraZeneca atafika m'dziko muno mu Malichi 2021, ogwira ntchito zachipatala tinali m'gulu loyamba kubayidwa, ndipo ndinaonetsetsa kuti mayi uja ndi anzake alembedwe pa mndandanda umodzi ndi ife. Za mphekesera zimene zinatsatira katemerayu, ndi mmene anansi anga anayambira kundipewa pachitsime ndi m'minibasi akandiona ndi yunifolomu, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.