Rileyi ikamatentha osangothamangira kugula ina

Sabata ino ku galaja yakhala ya marileyi basi, timaswitchi tija timene timalumikiza ndi kudula magetsi opita ku malayiti, fani kapena pampu. Lolemba kunabwera Hiace yoyenda mu Area 25, adalaivala akuti usiku malayiti amangozima okha, akaima pang'ono n'kuyakanso, ndipo rileyi anali atasintha kale kangapo koma ayi ndithu. Kungotsegula bokosi la mafyuzi fungo la pulasitiki wopsa linandilandira, soketi yasungunuka mbali imodzi, kachitsulo kogwira mwendo wa rileyi katakhwepa komanso kada bii. Ndinawauza kuti madala, rileyi yanuyi ilibe mlandu. Malo okhwepa ndi amene amabala moto, magetsi akamadutsa movutikira pamenepo kutentha kumakwera ndi mwendo mpaka m'kati, ndiye olo mugule yatsopano mawa ipsanso.

Nditayeza ndi mita malayiti ali oyaka, pakati pa waya wa pa mwendo 30 wa rileyi (polowera magetsi) ndi wa pa 87 (potulukira) pamatayika pafupifupi volt yathunthu, pomwe pabwinobwino sipafunika kudutsa 0.2. (Marileyi ambiri a Toyota miyendo yake imalembedwa 1, 2, 3, 5, koyilo yokoka makontakiti ndi 1 ndi 2, musasokonezeke.) Koma chinapsereza zinthu kwambiri ndi mababu. Anachotsa a H4 a 60/55 watts n'kuika a 100/90, lililonse likukoka ma amp 8 ndi kanthu, kenako wina wake anadzamangirira masipoti (malayiti owonjezera) pa waya womwewo, chongopota ndi manja n'kukulunga tepi, ase! Tinadula soketi, kuika matemino atsopano ofinya bwino, masipoti tinawapatsa rileyi yawo ndi fyuzi yawo kuchokera pa batire. Za mababu tinakanganapo, akuti a 60 saona nawo njinga za kabaza usiku, komabe anavomera.

Lachitatu Sienta ya mayi ena, rileyi ya fani yotentha yosagwirika. Apa soketi inalibe vuto, koma mota ya fani inali yatha, kuizunguza ndi dzanja imachita kulimba, ndiye ndi dzuwa lino komanso mzere wa magalimoto m'tauni imangozungulira osapuma kwinaku ikukoka magetsi opyola muyezo. Fyuzi ikanapsa kalekale, kungoti pamalo pake tinapezapo kawaya ka kopa. Mayiwo akuti sakudziwa anaikapo ndani. Imeneyo tikanangosintha rileyi n'kuwasiya, tsiku lina mawaya onse akanayaka.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito tsopano wayamba kuopa rileyi iliyonse yofunda, dzulo amafuna kuzula ya pampu ya mafuta pa Probox yabwinobwino. Ndamuuza kuti kufunda pang'ono n'kwachibadwa, koyilo imadya ma watts pafupifupi awiri, ayeze kaye pa miyendo ya koyilo, 85 ndi 86, ikapereka ma ohm 70 mpaka 100 aisiye. Zoti aziope ndi zija zotchipa zolembedwa 40A koma kuzinyamula zopepuka ngati mulibe kanthu, ndinaswa imodzi kuti aone timakontakiti take kuonda. Lolemba tili ndi Vanette ya hutala yolira yokha.