Mutu umodzi wa Luka tsiku lililonse mpaka Khirisimasi

Mwezi wa Disembala ndi wa pikitipikiti. Kumunda kukufunika kupalira ndi kuthira feteleza, ana atsekera sukulu, maganizo onse ali pa mpunga, nkhuku ndi zovala zatsopano. Choyamba kufa pakhomo ndi pemphero la banja.

Uthenga Wabwino wa Luka uli ndi mitu 24. Mukayamba pa 1 Disembala, mutu umodzi patsiku, mudzamaliza pa 24. Werengani mukangotha kudya nsima yamadzulo, mbale zisanachoke pamkeka. Mukadikira nthawi yogona mupeza ana akusinza, akuluakulu maso ali pafoni. Mutu 1 ndi wautali, mavesi 80, choncho ugaweni: theka m'mawa, theka madzulo. Mukadumpha tsiku musaunjike mitu, ingowerengani wa tsikulo, chifukwa ikachuluka anthu amagwa ulesi n'kusiyiratu.

Pa 25 amayi ambiri amajomba kutchalitchi chifukwa cha miphika, ndipo zimenezi n'zomvetsa chisoni. Nkhuku muiphe ndi kuiwiritsa dzulo lake, mpunga muphike mutaweruka ku mapemphero. Chopereka muchipatuliretu musanapite kumsika, ndipo mbale imodzi ya chakudya ipite kwa mayi wamasiye amene mwayandikana naye.