Makampani akuluakuluwa akamati akusamala chilengedwe, tiziwakhulupirira?

Masiku ano kampani yaikulu iliyonse ili ndi lipoti lake la chilengedwe, muli zithunzi za mitengo, ana akumwetulira, mawu okoma okhaokha. Ineyo ndikamawerenga zimenezi ndimangoti eeh, tiona. Komatu sindinganene kuti makampaniwa alibe gawo pa chitukuko, gawo ali nalo lalikulu kwambiri. Mayiko a United Nations atagwirizana zolinga 17 za chitukuko chokhazikika mu 2015, zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, zinali zodziwikiratu kuti maboma paokha sangazithe, chifukwa mafakitale, migodi, sitima zonyamula katundu, ndalama zenizenizo, zambiri zili m'manja mwa makampani. Lipoti la 2017 la bungwe la CDP, lomwe limasonkhanitsa ziwerengero za momwe makampani akukhudzira chilengedwe, linapeza kuti 71 peresenti ya mpweya wosokoneza nyengo wochokera ku mafakitale kuyambira 1988 imachokera ku malasha, mafuta ndi gasi wa makampani 100 okha. 100 basi!

Vuto ndi loti zapakamwa ndi zochita siziyendera limodzi. Volkswagen inkagulitsa magalimoto a dizilo nkumati ndi aukhondo, mu 2015 nkhani nkuululika kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni anali ndi pulogalamu yoti ikazindikira kuti galimoto ikuyesedwa ichepetse utsi, ikangolowa pamsewu utsi uja wabwerera. Amenewa si anthu oti sankadziwa ayi, anachita kukhala pansi nkukonza.

Zabwino zilipo ndithu. Ku Denmark kuli kampani ya Ørsted, kale inkatchedwa DONG Energy ndipo inkadalira malasha, mafuta ndi gasi, mu 2017 inagulitsa bizinesi yake ya mafuta ndi gasi nkusintha dzina, pano ndi imodzi mwa zikuluzikulu zopanga magetsi a mphepo panyanja. Koma musaganize kuti mabwanawo anangodzuka tsiku lina ali ndi mtima wachifundo, anawerengera ndalama, anaona kuti maboma akuthandiza magetsi a mphepo ndipo phindu la mtsogolo lili kumeneko. Ine zimenezo sindikuona vuto, bola ntchito yagwirika.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya Rana Plaza ku Bangladesh. Mu 2013 nyumba yomwe munali mafakitale osoka zovala inagwa, anthu oposa 1,100 anafa, ndipo ambiri ankasokera makampani odziwika a ku Ulaya ndi ku America omwe anali kale ndi timalamulo tawo todzilembera okha tonena kuti amalemekeza ogwira ntchito. Timalamulo timeneto sitinapulumutse munthu, ming'alu inaoneka dzulo lake koma anthu anauzidwa kuti abwerere pamakina. Zinthu zinayamba kusintha makampani oposa 200 atasainira pangano ndi mabungwe a ogwira ntchito, lomwe ukaliphwanya umatha kuzengedwa mlandu, akatswiri oima paokha nkuyamba kuyendera mafakitale, kuona mawaya, zitseko zothawira moto ndi zipilala.

Ndiye ine kampani ikamalonjeza kuti pofika 2050 idzakhala itasiyiratu kuononga nyengo, ndimafunsa kuti akuwerengera ndani, ndipo akalephera alipira chiyani? Bwana amene akulonjeza lero 2050 adzakhala atapuma kalekale. Ngakhale kukhoti nkhani siiyenda chimodzimodzi, mu 2021 khoti la ku The Hague m'dziko la Netherlands linalamula kampani ya mafuta ya Shell kuti ichepetse mpweya wake ndi 45 peresenti pofika 2030, Shell inachita apilo, mu 2024 chigamulo chija nkuthetsedwa.