Ng'ombe zapangolo ndi filimu ya mphwanga

Lolemba ndi Lachiwiri ndinali m'midzi ya kuseri kwa Ngabu pa njinga yamoto, kabokosi ka katemera wa chiwewe kumbuyo, kubaya agalu mpaka dzanja kuchita dzanzi. Okutobala wa kuno ku Chigwa cha Shire mumamudziwa: ikamakwana 10 koloko dzuwa limakhala litalusa kale, ndipo masana kutentha kumadutsa madigiri 40.

Lachitatu madzulo ndikumwa thobwa pamsika, anandipeza mwana wa mlongo wanga ndi anzake awiri. Akujambula filimu pa foni, ya ngwazi ya m'mudzi yothamangitsa mbava za ng'ombe. Ngwaziyo iimirire pangolo, ng'ombe zili pa liwiro la mtondo wadooka, masanasana kuti fumbi liwale.

"Amalume, muzibaye jekeseni ya mphamvu, zithamange ngati zipembere zija za mu Black Panther."

Ndinaika kapu pansi. Mafilimu amenewa inenso ndi anga, ndinayamba kalekale kuwaonera pa mabenchi a m'mavidiyo sho a ku Nchalo. Koma zipembere za mu Black Panther ya 2018 zinapangidwa pa kompyuta, palibe nyama yamoyo imene inavekedwa zitsulo zija. Zenizeni zili ku Majete, anazibweretsanso mu 2003, ndipo alonda amazilondera usana ndi usiku. Rocket, kanyama kolankhula ka mu Guardians of the Galaxy Vol. 3 ya 2023, nakonso ndi ka pa kompyuta, ngakhale kuti ine ndinagwetsa misozi poona tinyama tija m'makola a zitsulo tikuyembekezera kuchekedwa. Galu Krypto wa mu Superman ya 2025 chimodzimodzi.

Mnzake wina anandidula pakamwa, mwaulemu ndithu. "Koma madala, mphaka wa mu Captain Marvel anali weniweni." Zoona, ndipo ndinakondwa kuti waitchula yekha. Mu filimu ya 2019 ija, amphaka anayi ankasinthana pa gawo limodzi lomwelo, aliyense ndi zimene anaphunzitsidwa. Koma anyamatawa ali ndi ng'ombe ziwiri zobwereka, zomwe mawa lake ziyenera kukatuta madzi ndi njerwa.

Ndinawauzanso kumene kunachokera mawu achingerezi aja amatuluka kumapeto kwa filimu, onena kuti palibe nyama imene inavulazidwa. Pojambula filimu ya Jesse James ya 1939, hatchi inagwetsedwa kuchokera pamwamba pa phompho n'kugwera m'madzi, ndipo inafa. Anthu anakwiya, ndipo kuyambira 1940 bungwe la American Humane linayamba kutumiza anthu ake kukayang'anira pojambula. Komabe mawu aja paokha sanditonthoza mtima. Mu 2012 anthu amene ankasamalira nyama za mu filimu ya The Hobbit ananena kuti nyama zokwana 27 zinafera pa famu imene zinkasungidwa ku New Zealand, kutali ndi kamera. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri chifukwa ndi zimene ndimaona pantchito yanga. Chiweto chimavutikira kukhola, pomwera madzi, panjira yobwerera kunyumba, pomwe palibe amene akuyang'ana.

Lachinayi ndinapita kukaziona ng'ombezo. Mwini wake ndi agogo ena ofatsa, anangovomera chifukwa anyamatawo anawalonjeza kangachepe. Nditatukula goli pa yakumanzere ndinapeza bala lalikulu ngati chikhatho changa, ubweya utasupuka, m'mphepete mukutuluka madzi, ntchentche zobiriwira zili ng'waa. Nditalikhudza ng'ombe inanjenjemera khungu lonse la paphewa, koma sinasunthe phazi. Ndinatsuka ndi madzi a mchere, ndinapopera mankhwala ofiirira aja, kenako ndinati, "Agogo, iyi isaone goli sabata ziwiri, mukaikakamiza mulowa mphutsi." Anagwedeza mutu, nati ankaliona balalo koma ngolo ndiyo imawadyetsa. Mphwanga anachoka osatsanzika. Zinandiwawa, chifukwa mwanayo ndinamulera ndine.

Lachisanu linathera kumsika wa ng'ombe, kutsegula kukamwa ndi kuyang'ana ziboda kuopa chigodola, ndi kulemba zikalata zonyamulira ziweto. Usiku mphwanga anaimba foni. Wapeza ng'ombe zina kwa mnzake. Ndinamuuza kuti ndibwera, koma tichite zanga: tijambule mbandakucha, chikwapu chisaoneke, ng'ombe ziyende mayendedwe ake a masiku onse, liwirolo akaonjezere yekha pa foni posonkhanitsa zithunzi.

Loweruka 5 koloko tinali kudambo. Ndinaziyang'ana makosi ndi miyendo, zinali bwino. Fumbi analipanga ana ang'onoang'ono pokoka nthambi za mtengo kutsogolo kwa kamera, ndipo dzuwa likutuluka chakummawa kwa Shire linalifiiritsa kuposa mmene likanaonekera masana. Ngwazi yathu, itamanga chitenje cha mayi ake pakhosi, inagwa pangolo kamodzi, anthu n'kufa nacho chiseko. Anabwereza katatu. Kachinayi ndinakana, ndinamasula ndekha goli n'kuziikira ndowa ya madzi pansi pa mtengo wa msawu.

Kanemayo ananditumizira pa WhatsApp usiku womwewo. Ngolo ikuuluka ndithu, ndipo ndaionera kasanu. Mawa m'mawa ndidzera kwa agogo aja kukatsukanso bala ndisanapite ku dibi.