Zimene ndaphunzira polemba mapulogalamu a Raspberry Pi

Raspberry Pi Zero, kompyuta yaing'ono kwambiri imene inatuluka mu 2015 pa mtengo wa madola 5, ili ndi RAM (malo amene kompyuta imasungamo zinthu kwa kanthawi ikamagwira ntchito) ya 512 MB yokha, ndipo ophunzira ambiri amadera nkhawa za kuchepa kumeneku. Komatu pulogalamu ya m'chinenero cha makompyuta cha Python yowerenga kutentha kuchokera pa sensa (kachipangizo koyezera) ya DS18B20 n'kusunga manambalawo m'fayilo imagwira ntchito popanda vuto. Chimene chandiganizitsa kwambiri m'maphunziro anga n'chakuti kakompyuta kameneka kamasiyidwa kokha, popanda munthu woti akazimitse mwadongosolo, pamene kwathu kuno magetsi amathima mosachenjeza.

Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kakompyutaka, siilemba zinthu pa khadi ya microSD nthawi yomweyo, koma imayamba yazisunga mu RAM kwa kanthawi. Magetsi akathima kulembako kuli mkati, fayilo imatha kuwonongeka, ndipo nthawi zina kakompyutako sikayakanso mpaka khadiyo ikonzedwe. N'chifukwa chake ndimayatsa overlay file system kudzera mu raspi-config, pulogalamu yosinthira makonzedwe a Raspberry Pi, kuti mbali ya khadi imene muli Linux izingowerengedwa basi, ndipo manambala a sensa ndimawasunga pa mbali ina, pulogalamu n'kumaitana fsync (lamulo lokakamiza Linux kulemba pa khadi nthawi yomweyo) ikangomaliza kulemba. Magetsi akabwera, systemd, mbali ya Linux yoyambitsa mapulogalamu, ndiyo imayambitsanso pulogalamuyo, ndipo mzere wa Restart=always umaidzutsa ikafa.

Nkhani imene imabisala kwambiri ndi ya nthawi. Ma Raspberry Pi amene anatuluka Pi 5 ya 2023 isanabwere alibe wotchi yoyendabe magetsi akathima, choncho amafunsa nthawi pa intaneti. Kumene kulibe intaneti, kakompyutako kakayaka kamapitiriza kuwerenga kuchokera pa nthawi imene kanasunga komaliza, moti kutentha kwa masana kukhoza kulembedwa ngati kwa m'bandakucha, fayilo n'kumaoneka yabwinobwino. Ine ndimaona kuti vuto limeneli ndi loopsa kuposa khadi yowonongeka, chifukwa munthu amakhulupirira manambala olakwika. Mankhwala ake ndi kawotchi ka DS3231 kokhala ndi batire lakelake, kamene mawaya ake a I2C (njira imene kamalankhulirana ndi kakompyutako) amalumikizidwa pa pini 3 ndi pini 5 ya Raspberry Pi.

Masiku ano sindinena kuti pulogalamu yatha kufikira nditazula chingwe cha magetsi mwadala ili mkati molemba, n'kuona kuti yadzuka yokha, fayilo ili yonse, ndipo nthawi yake ndi yolondola.