Windows 11 ikakana kompyuta yanu, musafulumire kuitaya

Windows 11, imene Microsoft inatulutsa pa 5 Okutobala 2021, imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kompyuta), RAM ya 4 GB, malo a 64 GB, komanso purosesa yomwe, ngati ndi ya Intel, iyenera kukhala ya m'badwo wachi 8 kapena yatsopano kuposa apo. Makompyuta ambiri amphamvu ndithu amakanidwa chifukwa cha purosesayo. Kwa ife a open source (mapulogalamu amene aliyense ali ndi ufulu wowaona m'kati ndi kuwasintha), uku n'kuwononga zinthu dala, chifukwa Linux Mint, imene mungaike m'malo mwa Windows, sifuna TPM ndipo imayenda bwinobwino pa 4 GB.

Amene mukufuna zonse ziwiri, Windows ndi Linux, pa kompyuta imodzi, yambani mwalemba papepala kiyi ya BitLocker (pulogalamu ya Windows yotseka mafayilo), ija ya manambala 48. Mukasintha zinthu mu UEFI (pulogalamu imene imadzutsa kompyuta Windows isanayambe), Windows ikhoza kuifunsa, ndipo popanda kiyiyo mafayilo anu atsekeka basi. Zimitsaninso Fast Startup mu Control Panel. Ikakhala yoyatsa, Windows sizima kwenikweni, imangogona, ndiye Linux imakana kulemba pa gawo la NTFS (gawo la disiki la Windows) poopa kuwononga mafayilo. Kenako chepetsani gawo la C: ndi Disk Management, musiyire Linux malo okwana 40 GB.

Secure Boot (chitetezo cha mu UEFI chimene chimalola mapulogalamu osainidwa okha kudzutsa kompyuta) isiyeni yoyatsa. Mint ndi Ubuntu (mtundu wina wa Linux) zimadutsa kudzera pa kapulogalamu kotchedwa shim, kosainidwa ndi Microsoft yomweyo.